Udindo wa Atsogoleri a Ozimitsa Moto pa Malo a Ngozi

Moto waukulu ukabuka, choyamba tiyenera kudziwa amene akulamula. Ndondomeko ya Incident Command System idayambira ku California, m'dziko la America, moto wolusa wa mu 1970 utaonetsa kuti magulu a ozimitsa moto sankamvana pa ntchito.

Mkulu woyamba kufika ndiye amatenga ulamuliro kufikira ataupereka kwa wina. Pansi pake timapeza nthambi zinayi: yolimbana ndi moto, yokonza mapulani, yobweretsa zipangizo ndiponso yoyang'anira ndalama. Woona za chitetezo ali ndi mphamvu zoimitsa ntchito iliyonse yoika miyoyo pachiswe.

Wozimitsa moto aliyense amamvera mtsogoleri mmodzi yekha, ndipo mtsogoleriyo amayang'anira anthu 3 mpaka 7, kuti wina akasowa mu utsi zidziwike msanga.