Zaka 75 zosaka poizoni wa kolera

M'chaka cha 1884, dokotala wa ku Germany Robert Koch ali ku Calcutta, m'dziko la India, anapeza kachilombo ka kolera m'matumbo a anthu omwalira ndi matendawa. Chodabwitsa, m'magazi munalibe. Nanga kamapha bwanji? Koch anati kayenera kuti kamatulutsa poizoni, koma umboni analibe.

Umboniwo unadza nawo ndi Sambhu Nath De, dokotala wa ku Calcutta komweko, mu 1959. De ankang'amba kalulu pamimba, n'kumanga matumbo ake ndi ulusi, mfundo uku mfundo uku. M'kachigawo kapakati ankathiramo madzi amene tizilombo tinakuliramo, atawasefa mpaka osatsalamo ndi kamodzi komwe. Kachigawoko kankatupa ndi madzi mpaka kuchita nga! Apa zinadziwika kuti chakupha ndi chimene kachilomboka kamalavula. De anamwalira mu 1985 asanalandire ulemu womuyenera, ndipo zimenezi n'zomvetsa chisoni.

Mu 1969 Richard Finkelstein ndi mnzake anamupatula poizoniyu payekha, ndipo pasanapite zaka zambiri ntchito yake inaonekera poyera. Ali ndi tizigawo tisanu togwirira khoma la matumbo, ndi kamodzi kolowa mkati mwa selo. Kolowako kamadzutsa enzayimu yotchedwa adenylate cyclase, imene imapanga uthenga wouza selo kuti itulutse mchere, ndipo madzi amatsatira mcherewo. Enzayimuyi ikadzutsidwa chotere sipumanso. Zili ngati mpopi wotha ulusi: munthu wamkulu amatha kutaya madzi okwana lita imodzi pa ola.

Momwe poizoni wamkulu chonchi amatulukira m'kachilombo kokhala ndi zikopa ziwiri zinadziwika m'zaka za m'ma 1990. Kali ndi makina a mapuloteni oposa 10, otchedwa Type II, amene amamukankhira kunja kudzera pa kabowo ka chikopa chakunja.

Mwayi wathu ngwakuti poizoniyu sakhudza khomo lina la matumbo, limene shuga ndi mchere zimalowera pamodzi, n'kukoka madzi. N'chifukwa chake Thanzi ORS, imene ili ndi shuga ndi mchere, imapulumutsa moyo. Mliri wa kolera umene unayamba m'dziko muno mu Malichi 2022 unatenga anthu oposa 1,700. Wanu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, yambani kumumwetsa Thanzi pomwepo, ndipo musasiye mpaka mutafika naye kuchipatala.