Kuonera Mbalame Zosamuka ku Delaware Bay

Delaware Bay ndi chigawo cha nyanja ya Atlantic cholowa kumtunda pakati pa madera a New Jersey ndi Delaware m'dziko la America. Chaka chilichonse m'mwezi wa Meyi mpaka kumayambiriro kwa Juni, chisanu chikatha kumpoto, mbalame za m'mphepete mwa nyanja zikwizikwi zimatera m'magombe ake paulendo wopita kukaswa ku Arctic. Anthu okonda kuonera mbalame amabwera kuchokera kutali kudzaziona. M'chaka cha 1986 malowa anakhala oyamba kulowa m'ndondomeko ya Western Hemisphere Shorebird Reserve Network, yoteteza malo opumira mbalame zoterezi.

Chimene chimaitana mbalame

Mbalamezi zimatsata mazira a cholengedwa chotchedwa horseshoe crab. Ngakhale chimatchedwa nkhanu, achibale ake enieni ndi akangaude ndi zinkhanira. Chili ndi chigoba cholimba chozungulira komanso mchira wautali wosongoka. Madzi akakwera kwambiri, makamaka mwezi uli wathunthu kapena uli mumdima, nkhanuzi zimakwawira kumtunda kukaikira mazira mumchenga. Yaikazi imodzi imaikira mazira zikwi makumi angapo pa nyengo imodzi. Mbalame zambiri sizifika pamene mazirawo akwiriridwa. Zimadya amene afukulidwa ndi mafunde kapena ndi nkhanu zina pokumba maenje awo. N'chifukwa chake nkhanu zikachepa, chakudya cha mbalame chimasowa pamwamba pa mchenga.

Mitundu yooneka kawirikawiri

Mbalame yotchuka kwambiri ndi red knot ya mtundu wa rufa, ya msinkhu ngati wa njiwa yaing'ono, imene chifuwa chake chimafiira m'nyengo yoswa. Zina zimachokera ku Tierra del Fuego, kumapeto kwenikweni kwa South America, ulendo wa makilomita pafupifupi 15,000 kukafika ku Arctic ya ku Canada. Zimafika ku Delaware Bay zitaonda, ndipo m'masabata awiri kapena atatu zimadya mpaka kulemera pafupifupi kawiri, kufika magalamu 180 kapena kuposa. Mbalame imene yalephera kunenepa choncho mwayi wake wokafika n'kukaswa umachepa.

Palinso ruddy turnstone, ya miyendo yofiirira, imene imatembenuza timiyala ndi mlomo ndipo imatha kukumba mchenga kufuna mazira. Sanderling imathamangira mafunde akamabwerera, n'kuthawanso akamabwera. Mitundu ina ndi semipalmated sandpiper, dunlin ndi short-billed dowitcher.

Malo ndi kaoneredwe kake

Ku Delaware anthu amapita ku Mispillion Harbor, komwe kuli DuPont Nature Center, ndi ku Slaughter Beach. Ku New Jersey amapita ku Reeds Beach ndi magombe ena oyandikana ndi Cape May. Nthawi yabwino ndi pamene madzi akwera kapena angoyamba kutsika, chifukwa mbalame zimaunjikana pamchenga wochepa wotsala. Oonera amagwiritsa ntchito magalasi oonera patali ndipo amaima pamalo oikidwiratu. Magombe ena amatsekedwa ndi zingwe m'masabata amenewa, ndipo agalu saloledwa kuyenda momasuka. Chifukwa chake n'chomveka: gulu la mbalame likadzidzimutsidwa n'kuuluka, limawononga mafuta amene labwera kudzasonkhanitsa.

Oonera amathandizanso pa kafukufuku. Akatswiri amamanga timbendera ta manambala pamiyendo ya mbalame, ndipo mtundu wa kambendera umasonyeza dziko limene mbalameyo inagwidwira: wa lalanje ndi wa Argentina, wofiira ndi wa Chile, wabuluu ndi wa Brazil, wobiriwira mowala ndi wa America. Amene wawerenga nambala amaitumiza kwa ofufuza. Mwa njira imeneyi kunadziwika red knot ya nambala B95, imene inavekedwa chizindikiro ku Río Grande ku Argentina mu Febuluwale 1995 ndipo inaonekabe mu 2014. Anaipatsa dzina loti Moonbird chifukwa maulendo ake onse pamodzi anaposa mtunda wochoka padziko kukafika kumwezi.

Mavuto ndi chitetezo

M'zaka za m'ma 1990 asodzi anagwira nkhanuzi zochuluka zedi kuti zikhale nyambo yophera mikunga ndi nkhono zam'nyanja. Mazira anachepa, ndipo chiwerengero cha red knot chinatsika kwambiri m'zaka zotsatira. New Jersey inakhazikitsa lamulo loletsa kugwira nkhanuzi ngati nyambo mu 2008, ndipo mu Disembala 2014 boma la America linalengeza kuti rufa ili m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo. Nkhanuzi zimagwidwanso pofuna magazi ake abuluu, amene amagwira ntchito poyeza ngati mankhwala ndi katemera alibe poizoni wa mabakiteriya. Mafunde amphamvu nawo amakokolola mchenga woikiramo mazira.

Anthu odzipereka amayenda m'magombe kutembenuza nkhanu zimene mafunde azigoneka chagada, ndipo amazigwira m'mbali mwa chigoba osati kumchira, womwe suchedwa kuvulala. Tsogolo la red knot lagona pa kuchuluka kwa nkhanuzi ndi pa magombe amene mbalame zingadyepo popanda kusokonezedwa.