Bwato Likamira Pakati pa Mayiko Awiri, Udindo ndi wa Yani?

Mu June 2012 bwato lodzaza anthu linagubuduka pa nyanja ya Malawi, kufupi ndi gombe la boma la Karonga. Mitembo yoposa 40 inavuulidwa. Anthuwo anali ochokera ku Ethiopia, pa ulendo wopita ku South Africa, monga momwe ambiri amadutsira muno mobisala mpaka lero. June ndi nyengo ya mwera, ndipo aliyense wokulira kunyanja amadziwa kuti bwato lolemedwa silichedwa kugonja. Nkhaniyi inamveka masiku ochepa, kenaka inazilala. Patangopita milungu ingapo, mkangano wa Malawi ndi Tanzania pa umwini wa nyanjayi unabuka mwamphamvu chifukwa cha nkhani yofufuza mafuta. Dziko lathu linaima pa pangano la 1890 la Britain ndi Germany, lomwe limaika malire pa gombe la tsidya lija. Ine sindikutsutsa zimenezo. Koma wonena kuti madzi onse ndi ake wavomeranso kuti womira m'madzimo ndi wake, ngakhale akhale wopanda pasipoti.

Kwa ife dzina la Ethiopia si lachilendo. Ndi dera lija mabuku a sira amalitcha Habasha. M'chaka chachisanu cha utumiki, cha m'ma 615, mazunzo atakula mu Makka, Mtumiki Muhammad (SAW) anauza ena mwa Maswahaba kuti athawire kumeneko chifukwa kunali mfumu yosapondereza munthu. Gulu loyamba linali la anthu osakwana 20, ndipo mwa iwo munali Uthman ibn Affan ndi mkazi wake Ruqayyah, mwana wa Mtumiki. Atafika padoko la Shu'aybah anapeza zombo za amalonda, nalipira theka la dinari, n'kuwoloka Nyanja Yofiira. Owathamangitsa anafika pagombe zombo zitanyamuka kale. Pambuyo pake Aquraish anatumiza Amr ibn al-As ndi mphatso kuti Najashi awabweze. Mfumuyo, yomwe inali ya Chikhristu, inayamba yamva mbali ya othawawo kudzera mwa Ja'far ibn Abi Talib, ndipo inakana kuwapereka.

Ana a ku madrasa amaikonda nkhaniyi chifukwa cha Najashi. Ine ndimafuna kuti aziwakumbukiranso eni zombo aja, omwe mayina awo sitiwaphunzitsa n'komwe. Mfumu ikanamva bwanji mlandu wa anthu omwe sanafike kumtunda? Panali ntchito ziwiri: kuwolotsa munthu ali moyo, ndi kumupatsa pofikira. Mikangano yonse ya masiku ano yagona pa kulekanitsa ziwirizi.

Ntchito yoyamba dziko lapansi linagwirizana kalekale. Pangano la SOLAS la 1974, pangano la kusaka ndi kupulumutsa anthu panyanja la 1979, ndi gawo 98 la pangano la malamulo a panyanja la 1982, onse amakakamiza woyendetsa sitima kuthandiza aliyense amene ali pangozi, posafunsa mtundu wake kapena chomwe chamuyendetsa. Vuto limayamba munthuyo akakwezedwa m'sitima. Mu August 2001 sitima ya katundu ya ku Norway yotchedwa Tampa inapulumutsa anthu 433, ambiri a ku Afghanistan, pakati pa Indonesia ndi chilumba cha Christmas. Woyendetsa wake, Arne Rinnan, anachita zomwe lamulo limafuna. Australia inakana kuti awatsitse, inatumiza asilikali m'sitimamo, ndipo ambiri mwa anthuwo anakathera pa chilumba cha Nauru. Mu 2004 mapangano aja anakonzedwanso kuti maboma azionetsetsa kuti opulumutsidwa atsitsidwa pamalo otetezeka, chifukwa zinaonekeratu kuti woyendetsa sitima akamavutitsidwa chonchi, mawa adzangodutsa ngati sanaone.

Tisaganize kuti ndi azungu okha amene amatseka madoko. Mu May 2015 mabwato a Arohingya ndi anthu a ku Bangladesh ankangoyandama pa nyanja ya Andaman, pomwe Thailand, Malaysia ndi Indonesia ankawakankhira kutali. Awiri mwa mayiko atatuwa ndi a Asilamu ochuluka, ndipo zimenezi n'zochititsa manyazi. Amene anapita kukawatenga anali asodzi a ku Aceh, ndi mabwato awo ophera nsomba.

Kuno ku chigwa cha Shire tilibe nyanja yamchere, ndipo mapangano aja sanalembedwere mtsinje wathu. Komabe mbiri imeneyi tinaiona ndi maso. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, makamaka kuyambira 1986 pomwe nkhondo inakula m'zigawo za Tete ndi Zambezia, anthu anakhamukira ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Ochokera mbali ya Morrumbala analibe njira ina koma kuwoloka Shire, m'mabwato osema aja abale athu a Chisena amati mwadiya, pa madzi a ng'ona ndi mvuu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Malawi inkasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje alendowo anachuluka kuposa eni mudzi. Misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu inasanduka ngati matauni.

Taonani ndondomeko ya zaka. Malawi inalowa m'pangano la 1951 la othawa kwawo mu 1987, ndipo lamulo lathulathu la othawa kwawo linabwera mu 1989. Anthu anali atawoloka kale. Mafumu anali atawagawira kale pomanga zisakasa, ndipo mabanja anali atagawana nawo kale mapira ndi mbatata. Ambiri anali a chilankhulo chimodzi, ena achibale enieni, choncho wina akhoza kunena kuti kulandira wako si chamuna. N'zoona ndithu, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya ku Karonga imandivuta kwambiri: aja analibe wowadziwa pagombe, ndipo anayenda mobisa chifukwa kuonekera kukanatanthauza kumangidwa. Ozembetsa anthu amene amadzaza bwato chifukwa cha ndalama ali ndi mlandu wa magazi. Koma tchimo la wozembetsa silichotsa udindo wa amene waona bwatolo likumira.

Pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 October 1992 litasainidwa, alendo athu anabwerera, misasa n'kutsekedwa. Kenaka mu December 2024, ziwawa zitabuka chifukwa cha zotsatira za chisankho ku Mozambique, anthu masauzande anawolokanso Shire ndi Ruo. Boma ndi UNHCR anawalemba m'kaundula, ndipo malo omwe anawaika ndi Nyamithuthu yemwe uja.

Maulama a fiqh anaika kupulumutsa womira m'gulu la fardh kifaya: ena akachita, onse apepukidwa, onse akasiya, onse amene akanatha achimwa. Ngati wodziwa kusambira kapena mwini bwato alipo mmodzi yekha, udindowo umagwera iye payekha. Sanaikepo zoti womirayo ayambe wafunsidwa chipembedzo kapena dziko lake. Zaka zino Ramadhan ikugwa m'nyengo ya dzinja, pomwe Shire amasefukira, choncho funsoli si la m'kalasi chabe. Amene ali pa Swala akaona munthu akumira, adule Swalayo. Amene akusala, ngati sangathe kumuvuula popanda kumasula, amasule, ndipo tsikulo adzalibweza Eid ikadutsa.