Mapu a Dziko Lapansi m'Masewero a Nkhondo

Anzanga amene tinaphunzira limodzi mbiri yakale, mukukumbukira mapu aja ankapachikidwa pakhoma m'kalasi. Ambiri anali a mtundu wa Mercator, wa mu 1569, amene amaonetsa Greenland ngati wofanana kukula ndi Africa, chonsecho Africa amaposa Greenland ka 14. Mapuwo anapangira amalinyero, osati ofuna kudziwa kukula kwa maiko.

Opanga masewero nawonso amasankha choti aonetse. Bolodi la Risk, masewero olandana maiko amene Albert Lamorisse anatulutsa ku France mu 1957, lili ndi zigawo 42, ndipo Africa yense anampatsa 6 zokha, chimodzi mwa izo n'kukhala chilumba cha Madagascar. Pocheza madzulo amodzi nzokwanira.

Koma wofuna mapu oona a zaka za m'ma 1600 amapunthwa pa malire. Mizere yowongoka ya mu Africa inadza pambuyo pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884-85. Ufumu wa Kalonga unalibe mzere wotero. Mphamvu zake zinkathera pamene mafumu ankalekera kupereka mtulo wa minyanga. Mu 1616 Gaspar Bocarro anayenda kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa, ndipo chimene chinamtsegulira njira ndi mphatso za nsalu ndi mikanda kwa mafumu onga Muzura. Ndikanakhala wojambula, ndikanayamba ndi Zambezi, Shire, madooko ndi njira za malonda, kenaka utoto wa ufumu uliwonse n'kuupaka mozilala cha kumathero kwake.