MG MGB: Kusamala Matayala ndi Chiwongolero

MGB ndi galimoto yaing'ono yamasewera imene inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980. Chiwongolero chake ndi cha mtundu wa rack and pinion ndipo chilibe makina othandiza kukhota. Mphamvu yonse imachokera m'manja mwa woyendetsa. N'chifukwa chake chikayamba kulimba, wodziwa amayamba wayang'ana mpweya m'matayala akutsogolo, kenako ma kingpin, zitsulo zimene mawilo amazungulirapo pokhota. Zimenezi zimafuna girizi pafupipafupi. Zikauma zimadyeka msanga, wilo n'kuyamba kugwedera. Malabala ophimba mbali ziwiri za rack akang'ambika, oyilo amatayika ndipo mchenga umalowa.

Mawilo ndi a mainchesi 14. Ena ndi a masipoko, okongola ndithu koma ofuna chisamaliro. Ambiri mwa amenewa amafuna chubu mkati. Sipoko yolimba imalira bwino ukaigogoda ndi sipanala, yolekera imangoti phu. Wilo lotere limamangidwa ndi nati imodzi yaikulu pakati, yomenya ndi hamala ya mkuwa kapena ya chikopa, ndipo nati za kumanja zimamasukira mbali yosiyana ndi za kumanzere.

Galimotozi zimakhalitsa m'garaja, choncho matayala amakalamba asanathe: labala imauma n'kuchita ming'alu ngakhale mizere yake ili yakuya kuposa mamilimita 1.6 amene lamulo la ku Britain limafuna. Manambala anayi omalizira a chizindikiro cha DOT pambali pa tayala amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. 2315 ndi sabata ya 23 ya 2015.