Zaka 50 za Cipiriro: Njira Imene Mpingo Wathu Wadzeramo

M'caka ca 2025 mpingo wathu unakwanitsa zaka 50. Pa cikondwerero cotere n'capafupi kuwerenga zooneka ndi maso zokha: chalichi ca njerwa, nyumba ya abusa, miraga imene yakula, makwaya amene acuruka. Koma tikaika zaka za mpingo uno pambali pa zaka za dziko lathu la Zambia, tipeza kuti zaka za mtendere ndi zokhuta zinali zowerengeka. Mpingo unakula pakati pa njala, nkhondo ya kumalire ndi maliro. Talemba mbiri iyi kuti tikumbukire m'mene makolo athu anapiririra, ndi kuti tione cimene kupirira kwao kunali.

Muzu wa ku Magwero

Tisanakambe za 1975, tiyambe tabwerera kumene Eklesia wathu, Reformed Church in Zambia, anayambira. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa mfumu, anaphedwa. Patangopita caka ndi theka, pa 5 Julayi 1899, amishoni awiri a Dutch Reformed Church ocokera ku Orange Free State, a P.J. Smit ndi a J.M. Hofmeyr, anayamba nchito pa Magwero, pafupi ndi Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Uthenga Wabwino unafika kwa anthu amene misozi yao inali isanaume.

Zipatso sizinaoneke msanga. Akristu oyamba anabatizidwa mu 1904, patapita zaka zisanu za kuphunzitsa ndi kuyembekezera. Mu 1905 pa Magwero panayambika sukulu ya osaona, ndipo pambuyo pace ku Nsadzu kunakhala malo osamalira odwala khate. Mbusa woyamba wa dziko lino, a Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929, patapita zaka 30 cifikire amishoni. Mu 1966 unafika Umwini, pamene Eklesia analandira udindo wodzilamulira yekha, ndipo mu 1968 anatenga dzina limene tili nalo lero. Umwini unali cimwemwe, koma unabwera ndi katundu wace. Kusunga abusa ndi alaliki, kumanga ndi kukonza nyumba zopempherera, zonsezi tsopano zinayang'ana ku matumba ndi nkhokwe za akristu eni ace.

Kubadwa m'caka ca kusowa

Mpingo wathu unapatulidwa kucoka ku mpingo umene unatibala mu 1975, Umwini uli ndi zaka zisanu ndi zinai zokha. Caka comweco mtengo wa kopa unagwa pa msika wa kunja, ndipo cuma ca dziko, cimene cinadalira migodi, cinayamba kuphwa. Malire athu ndi Rhodesia anali otseka kuyambira mu Januwale 1973, motero katundu anali kufika movutikira. Acikulire pakati pathu akumbukira mizere yaitali ya kusitolo, munthu kulawirira m'mamawa cifukwa ca sopo, shuga, mcere kapena saladi, ndi kubwerako cimanjamanja. Ana amene anali pa nchito ku Migodi ndi ku Lusaka analeka kutumiza monga kale.

M'nyengo yotere ndi m'mene akulu a mpingo anapangana zomanga. Ndalama zinalibe, koma manja analipo. Abambo anaumba ndi kuocha njerwa, amai anatunga madzi ndi kusenza mcenga, acinyamata anatuta nkhuni za uvuni. Pa masika mbale ya copereka inacepa, cifukwa anthu anabwera ndi cimanga, nshawa, maungu ndi nkhuku. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limene titakhala pansi pace lero linasenzedwa ndi anthu amene ambiri a iwo analibe malata pa nyumba zao.

Nkhondo ya kumalire ndi njala

Mavuto a cuma anakula m'zaka za m'ma 1980. Mu Disembala 1986 ku Migodi kunabuka zipolowe cifukwa ca kukwera kwa mtengo wa unga, mu 1989 kunabwera makuponi, ndipo mu Juni 1990 zipolowe zinafika ku Lusaka. Kuno kucigawo ca Kum'mawa kunali vuto linanso. Nkhondo ya ku Mozambique inadumpha malire, ndipo zigawenga za Renamo zinaukira midzi ya kumalire m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke. Othawa nkhondo analowa m'dziko muno ambirimbiri, ndipo ambiri anakakhazikidwa ku Ukwimi. Ena anadzera m'miraga yathu. Anali olankhula cinenero cathu, ena a mafuko athu omwe, a Banda, a Phiri ndi a Mwale. Mabanja amene nsima inali kuwacepera anaonjezera mbale ya alendo, kufikira mtendere utabwerera kwao mu 1992.

Pa 29 Disembala 1991 Zambia inalengezedwa kuti ndi dziko la Cikristu. Miyezi yocepa pambuyo pace mvula inadula, cimanga cinauma cisanabereke, ndipo 1992 cinakhala caka ca cimanga cacikasu ca thandizo. Apo tinaphunzira kuti dzina la Cikristu silichinga dzuwa. Atumiki anayenda khomo ndi khomo kulemba okalamba ndi amasiye amene sakanatha kukaima pamzere. Mapemphero a tsiku la Sabata sanaimitsidwe, ngakhale ambiri anafika osalawa kanthu.

Zaka za maliro

Ciyeso cacikulu koposa cinali matenda a Edzi. Mu Okutobala 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko lonse poyera kuti mwana wao wamwamuna anamwalira ndi matendawa. Ngakhale zinali tero, m'midzi anthu anali kuopa kuwachula dzina, ndipo odwala ambiri anabisidwa m'nyumba. M'zaka za m'ma 1990 panali masabata amene akulu a mpingo anacoka kumanda kulunjika ku maliro ena. Amene anali kupita anali a msinkhu wa nchito: aphunzitsi, oimba kwaya, atsogoleri a acinyamata, makolo a ana ang'onoang'ono.

Pano tiyenera kuchula Cigwirizano ca Amai. Ndiwo analowa m'nyumba zimene ena anali kuzilambalala. Anasambitsa odwala, anacapa zofunda, anaphika phala, anagona pa maliro usiku ndi usiku. Agogo amene anayenera kupumula anayambanso kulera, wina adzukulu anai, wina asanu ndi mmodzi. Mankhwala a ma ARV atayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2005, maliro anayamba kucepa. Ena mwa ana amasiye a zaka zija lero ndi akulu a mpingo, atumiki ndi aphunzitsi a Sande Sukulu pakati pathu.

Zimene taona ndi maso athu

Acinyamata asaganize kuti izi n'zakale zokha. Mu Malichi 2020 matenda a COVID-19 analowa m'dziko, masukulu anatsekedwa ndipo misonkhano inaletsedwa. Kwa nthawi yoyamba citseko ca chalichi cinakhala cokhoma pa Sabata. Mabanja anapemphera m'nyumba zao, bambo kapena amai akuwerenga Buku Lopatulika, ndipo atumiki analandira zopereka pafoni. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cafika pa tsoka la dziko lonse. Minda inapsa, madzi a ku Kariba anatsika, magetsi anathima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Kukonzekera kwa cikondwerero cino kunayamba nkhokwe zili zopanda kanthu.

Cimene atisiyira

Tikayang'ana zaka zonsezi, sitipeza tsiku limodzi lalikulu limene linapulumutsa mpingo. Tipeza anthu amene anacita nchito zazing'ono osaleka. Mkulu wa mpingo anapalasa njinga m'matope kukatsogolera mapemphero pa mlaga wa anthu khumi. Mphunzitsi wa kalasi anaphunzitsa katekisma ali ndi maliro kwao. Mai wamasiye anapatula mbale ya nshawa pa zocepa zimene anakolola. Sanapirire cifukwa anaona kuti mavuto ali pafupi kutha, pakuti ambiri anamwalira asanaone kusintha. Anapirira cifukwa anakhulupirira kuti Iye amene anawaitana ndi wokhulupirika, ndipo anakana kusiya mbale wao m'mbuyo.

Si onse anafika nafe pano. Ena anatopa nakhala pansi. Ena, atapanikizika ndi matenda kapena umphawi, anatsata amene analonjeza kucira ndi kulemera kwa tsiku limodzi. Ciyeso cimeneci cikalipo, makamaka kwa ana athu amene atsiriza sukulu koma nchito ikusowa. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Koma mau okha sakwanira. Mnyamata adzakhala mu mpingo umene umamufunafuna akasowa pa Sabata, monga m'mene otitsogolera anafunira odwala ndi anjala.

M'buku la Levitiko mutu 25, caka ca 50 cinali caka ca kumasula akapolo, kubwezera anthu minda yao ndi kubwerera yense ku banja lace. Tiyeni cikondwerero cathu cikhale cotero. Mlaga uliwonse ukumbukire amene analeka kubwera ndi kukawacezera. Amene asungirana cakukhosi akhululukirane asanafike pa Mgonero wa Ambuye. Amene ali ndi agogo amene anaumba njerwa za nyumba ino akhale nao pansi ndi kumva m'mene zinaliri, iwo akali moyo.

Zaka 50 zikubwerazi zidzakhala ndi cilala cace ndi maliro ace. Amene adzalemba mbiri ya mpingo uno mu 2075 apeze kuti ifenso sitinaleke kusonkhana, kupereka ndi kusamalirana. Mulungu amene anasunga makolo athu atisunge ifenso, ndipo ulemerero ukhale kwa Iye yekha.