Mbiri ya Kufiira kwa Mwala wa Rube

Kwa zaka mazanamazana, anthu ankazindikira rube ndi maso okha. Mwala ukakhala wofiira psuu, wolimba ndi wonyezimira, ankangoti ndi rube basi. Ku India ankautcha mfumu ya miyala yonse yamtengo wapatali, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti m'kati mwake muli moto wosazima. Rube wosiririka kwambiri ankachokera ku Mogok, m'dziko la Myanmar, kumene kufiira kwake amakuyerekeza ndi magazi a nkhunda.

Koma maso ankanamiza ngakhale mafumu. Mwala waukulu umene uli pachisoti chachifumu cha ku Britain, wotchedwa Black Prince's Ruby, si rube ayi. Ndi mwala wina wotchedwa spinel. Katswiri wa ku France, Romé de l'Isle, ndiye anasiyanitsa miyala iwiriyi mu 1783.

Chinsinsi chinayamba kuululika mu 1797, pamene Louis-Nicolas Vauquelin anatulukira chitsulo cha chromium. Lero tikudziwa kuti rube ndi mwala wa corundum, wopangidwa ndi aluminiyamu ndi okosijeni, womwe paokha ulibe mtundu. Maatomu ochepa chabe a chromium, mwina limodzi pa 100 alionse, akalowa m'malo mwa aluminiyamu, amameza kuwala kobiriwira, kwachikasu ndi kwapepo, n'kusiya kofiira kuti kufike m'maso mwathu. M'mwala womwewo mukalowa ayironi ndi titanium, umasanduka safiro wabuluu.

Atadziwa zimenezi, anthu anayamba kudzipangira okha rube. Mu 1902, Auguste Verneuil analengeza njira yosungunula ufa wa aluminiyamu okusaidi wosakaniza ndi chromium pamoto woopsa, madontho ake n'kumaundana mpaka kukhala mwala.

Funso lina linatsalabe. Nanga bwanji chromium yomweyo imabiriwiritsa emarodi, monga wokumbidwa ku Kagem m'dziko la Zambia? Yankho linachokera ku mfundo zomwe Hans Bethe anayala mu 1929. Maatomu a okosijeni ozungulira chromium amaipanikiza kwambiri mu rube kusiyana ndi mu emarodi, ndipo kusiyana kochepa komweko kumasintha kuwala komwe mwala umameza. Rube wochita kupanga uja anapezanso ntchito ina: mu 1960, Theodore Maiman ali ku California anamugwiritsa ntchito popanga laser yoyamba.

Mbiriyi ikutikhudza nafenso. Paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, corundum anapezeka mu 1958, ndipo ku Montepuez, m'dziko la Mozambique, rube anapezeka mu 2009. Mwala umodzi wochokera kumeneko, Estrela de Fura, unagulitsidwa madola 34.8 miliyoni ku New York mu 2023. Popeza rube wam'nthaka, wochita kupanga ndi spinel amafanana m'maso, wokumba miyala wosadziwa kusiyanitsa amaberedwa masanasana. Anthu athu akufunika maphunziro ndi zipangizo zoyezera, kuti azidziwa chomwe agwira m'manja asanamve mtengo wa wogula.